Mizu Yopanda Kwawo

Ku positi ofesi ya ku Paysandú
anandilemba dzina n'kunena kuti:
mitengo isanu ndi umodzi, lamulo lathera pomwepo.
Ndinatuluka pepala lili m'thumba la jekete,
nkhalamba yololedwa ndi boma kulima chamba.
Ine sindisuta.
Ndi zala za Nilda izi,
nyamakazi yazipotokola ngati nthambi za mpesa
ndipo usiku zimamudzutsa kawiri, katatu.

Mwana wathu Maite anabwera pa basi kuchokera ku Montevideo
atanyamula katoni ya mapaipi oyera,
kapampu, ndi mabotolo atatu olembedwa manambala.
Akuti, ababa, dothi ndi zachikale.
Mizu izilendewera m'madzi, izidya zoyeza,
kulibe matope, kulibe msana kuwawa.
Dzina lake analitchula mosamala, haidiroponiki,
ngati dzina la mankhwala a mtima.

Anaiwala kuti akulankhula ndi pulambala.
Zaka makumi anayi ndakhala chogwada
pansi pa masinki a eni ake
ndipo chimene ndinatolako ndi chimodzi:
paipi iliyonse ili ndi tsiku lake.
Madzi sasunga pangano.
Amadikira ugone.

Komanso dothi sindingalinamizire chifundo.
Kuseri kwa nyumba, pomwe Nilda ankadzala tomato,
lauma gwa kuyambira chaka chimene anasiya khasu,
ndipo thumba la manyowa masiku ano
limandiyang'ana ngati mnyamata wofuna ndewu.

Tinakangana masiku atatu,
chikho cha mate chikuzungulira mpaka kusukuluka.
Lachinayi Nilda anagogoda tebulo ndi supuni.
Mukulimbana ngati ululuwu ndi wanu, anatero.
Itatu m'madzi, itatu m'miphika.
Tsono wina andipatse buledi.

Ya m'madzi inathamanga, zoona.
Sabata zitatu yapitirira anzake ndi chikhatho chathunthu,
mizu yoyera mbee ngati ndevu zanga,
mizu yopanda kwawo,
yosadziwa mwala, yosakumanapo ndi nyongolotsi.
Ndinkaiyang'ana cham'mbali.
Maite pa foni ankangoseka.

Kenako mphepo ya kummwera inagwetsa mtengo pa mawaya.
Magetsi zii. Kapampu chete.
Pofika pakati pa usiku masamba aja anali atazyolika
ngati ana ogwidwa akuba shuga.
Ndinatenga pampu ya njinga ndi kapaipi ka mafuta,
n'kukhala pa ndowa m'galaja, kandulo pambali,
kupopera mpweya m'madzi amene sindinawakhulupirirepo,
mpaka tambala wa a Bentancor analira.
Ya m'miphika inagona tulo tosatembenuka.
Sinadziwe n'komwe kuti kunja kunali nkhani.

M'mawa ndinati ndapambana mlandu.
Sabata yotsatira nyerere zodula masamba
zinakwera miphika ija pamzere, chilichonse ndi mbendera yake yobiriwira,
n'kundisiyira mtengo umodzi uli mbulanda.
Za m'galaja sizinazione.
Maite sindinamuuze. Nilda ndiye anamuuza.

Tsopano ndi Malichi, maluwa ayamba kunata,
fungo lafika mpaka kumpanda
ndipo a Bentancor ayamba kundipatsa moni wautali.
Mukandifunsa kuti chabwino n'chiti,
ndikuuzani kuti madzi amafuna munthu wosagona,
dothi limafuna munthu wosafulumira,
ndipo ine tulo ndilibe, nthawinso ndilibe yambiri.

Koma pali ichi chimene sindinalembe m'kope la Maite,
momwe muli manambala a tsiku ndi tsiku.
M'mawa uliwonse Nilda amatuluka ndi ndodo yake,
kuwerama pa mphika wapakati,
kulowetsa chala m'dothi kuti amve ngati lili ndi ludzu.
Dzulo analowetsa ziwiri.
Anazitulutsa zakuda, n'kuzinunkhiza,
n'kukhala nazo choncho kanthawi, osasamba.
Mankhwalawo sitinakolole n'komwe.